A Kondwani anapita kogwira mawalabi, pagulu pabuka nkhani ya amphaka

Kondwani: Mwaswera bwanji abale. Ndipepese kaye kuti Loweruka sindinalowe pa miting'i ya za 6 July ija, ndinali kutchire kopanda netiweki masiku anayi, mbali za Kellerberrin uko, makilomita ngati 200 kuchoka ku Perth kuno ku Australia. Alekichala athu amafuna manja owathandiza kugwira ndi kuwerenga tinyama tija amati rock-wallaby nde ndinangoti tiyeni ndikadzionere ndekha. Chithunzi ndi chimenecho, chipewacho musaseke kunkazizira ngati pa Dedza mu June

Ankolo Phiri: Iwe Kondwani chimene wanyamula mu sakamo si mbira imeneyo? Yangotalika mchira basi kkkk

Thoko: Ankolo mbira yoima ndi miyendo iwiri munaionera kuti kkkk

Kondwani: Simunaphonye kwenikweni ankolo, khalidwe lake ndi la mbira ndithu, kugona m'mapanga, kuothera dzuwa pa thanthwe mmamawa, ukangotsokomola kalowa kale mu mng'alu. Koma mtundu wake ndi wa kangaru, kali ndi thumba pamimba losungira mwana. Kamene ndanyamulako ndi kakakazi, kanalemera makilo 4, kali ndi mzere wakuda ndi woyera m'nthitimu nchifukwa chake amati black-flanked. Chimene chinandidabwitsa ine ndi kuphazi, kunsi kwake kuli kokhakhala ngati tayala latsopano la njinga ya kabaza, kamathamanga pa mwala wotsetsereka osaterereka olo pang'ono, mchira uja ndi wogwirira balansi kakamadumpha. Ndipo polowera ku phanga lina mwala unachita kusalala mpaka kunyezimira ngati khonde lopaka polishi, akuti ndi mapazi a tinyamati kudutsa pamodzimodzi mibadwo ndi mibadwo

Mayi a Pempho: Koma maso akewo kukongola abale. Nde mumakagwira bwanji osakapweteka achimwene?

Kondwani: Madzulo timakwera phiri ndi misampha, osati khwekhwe wathu uja ayi, ndi chibokosi cha neti yofewa kuti kakamadzimenyetsa kasavulale, mkati timaikamo maapozi ndi chiponde chosakaniza ndi oats. Chiponde amayi! Ine mtima kuwawa kuona botolo lathunthu likuthera kutchire. Nde 4 koloko mbandakucha tadzuka ndi matochi a pamutu chifukwa dzuwa lisakapeze kali mu msampha, ukakapeza umakalowetsa mu saka, kamdima kaja kamakadekhetsa, kenako pa sikelo, kuyeza phazi, kupititsa kamashini kumbuyo kwa khosi kuona ngati kali ndi chip, ngati kalibe akabaya. Kakakhala kakakazi amatsegula thumba kuona ngati muli mwana. Koyamba kanga ndinatsegula manja akunjenjemera, mkatimo kamwana kofiira kopanda ubweya ndi umodzi womwe, kutalika ngati chala changa chachikuluchi, kakakamira bere gwa. Mayi amene amatitsogolera anati chita changu mnyamata, nyamazi zikapanikizika zimatha kutaya mwana, nde asanakamasule anamata kukamwa kwa thumba ndi kaselotepi, akuti kamadzachotsa kokha kakafika kuphanga

Ankolo Phiri: Ndiye kuti mukagwira mumamasula? Anthu asanu, masiku anayi, petulo, chiponde, ndiwo zili mmanja inu nkuzibweza. Kwathu ku Linthipe akanakuitanirani kubwalo kwa amfumu

Yamikani: Kkkkk ankolo atiyankhulira tonse amene tili ku Lilongwe kuno. Koma funso langa ndi lenileni aise, poti kumeneko anthu sazidya, chikuzimaliza nchani?

Nabanda: Yami usawayeretse anthu a kuno, panopa sazipha koma kale anazipha koopsa. Kuno ku New South Wales kuli mtundu wina amati brush-tailed, wa mchira wa nyenje ngati burashi, pakati pa 1884 ndi 1914 anapha zoposa 500,000 ndipo munthu amalandira ndalama akapha chifukwa amati zikudya msipu wa nkhosa, zina amaphera zikopa. Lero zidzukulu zawo ndi zimene zikusonkha ndalama kuti zotsalazo zisathe

Kondwani: Zoona achemwali, koma panopa mdani wamkulu ndi nkhandwe ndi mphaka, ndipo zonse ziwiri si za dziko lino, zinabwera ndi azungu. Nkhandwe yake si yathu ija yolira usiku kudambo, ndi yofiira ya ku England, anaimasula ku Victoria m'zaka za m'ma 1870 kuti azikhala ndi chothamangitsa pa mahatchi Loweruka, masewera chabe. Akalulu anali atabwera kale, Thomas Austin anamasula 24 pafupi ndi Geelong mu 1859, anaswana mpaka dziko lonse, nde nkhandwe imangotsatira kalulu pambuyo mpaka inafika ku Western Australia kuno. Tsono tinyamati sitinakule ndi mdani wa mtundu umenewu. Kamwana kakayamba kutuluka mu thumba mayi amakasiya mu phanga iye nkupita kokadya, mphaka amangolowa mmenemo ngati akutenga nyama mu mphika

Ankolo Phiri: Za nkhandwezo ndikuchitira umboni, ku Melbourne kuno ndikamachokera ku night shift ndimakumana nazo pa msewu zikufwanthula mabini, sizithawanso. Boma la Victoria mu 2011 linayamba kulipira madola 10 munthu akapititsa chikopa cha pamutu pake, ine ndinawerengetsa kuti nditakhala ndi agalu anga aja Bingo ndi Sapota bwenzi nditasiya kalekale ntchito yosambitsa agogo a eni

Mayi a Pempho: Za nkhandwe ine ndilibe nazo mawu, koma dikirani pa amphakapo. Mukutanthauza kuti mumapha amphaka a Kondwani?

Kondwani: Ine sindinaphe amayi, koma inde amaphedwa. Si amphaka a pakhomo, ndi olowerera, obadwira kutchire amene sanaonepo mbale ya mkaka, kukula kwake ngati vumbwe uja amagwira nkhuku kumudzi. Akatswiri anawerengetsa mu 2017 kuti alipo pakati pa 2 miliyoni ndi 6 miliyoni kutengera ndi mvula ya chaka chimenecho, ndipo ali pafupifupi paliponse mu dziko muno, ngakhale m'chipululu mopanda madzi

Mayi a Pempho: Olowerera kaya a pakhomo mphaka ndi mphaka. Sanadzibweretse yekha pa sitima, amene anamubweretsa ndi munthu, amene anamutaya kutchire ndi munthu, lero chilango chikugwera iye. Ine Tiger wanga ndinamutenga ku shelter ali kamwana, Pempho amagona naye, nde mukamati nyama iyi ndi yofunika iyi ayi ndani anakupatsani mpando woweruza? Zonse analenga ndi Mulungu

Kondwani: Ndikumvetsa amayi, koma ndikuuzeni nkhani ya mapiri amene ndinapitawo. Kuderali anadula tchire lonse kulima tirigu, kunangotsala timapiri ta miyala ngati tizilumba pakati pa minda, mawalabi ali pamenepo, kulibe kothawira. Wasayansi wina Jack Kinnear kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 anayesa chinthu chophweka, pa mapiri awiri Nangeen Hill ndi Mount Caroline anayamba kuika nyambo za poizoni za nkhandwe, mapiri ena anawasiya chonchobe. Pamene anathirapo nyambo mawalabi anachuluka, anayambanso kutsika kukadya patali ndi miyala zimene poyamba samayerekeza, pamene sanathirepo sanachuluke ndipo pena anatheratu. Pamenepa mpamene panachokera pulogalamu ya boma ya Western Shield mu 1996, imene pano imaponya nyambo pa mahekitala oposa 3 miliyoni, zina ndi ndege. Nde kusapha kulibe amayi, ukasiya mphaka ndi nkhandwe ndiye kuti wasankha kuti afe ndi walabi, kungoti iwe suona

Thoko: Eeeh a Kondwani mwayamba kulalikira tsopano kkkk

Yamikani: Poizoni wakeyo sapha mawalabiwo? Kuno munthu akathira tameki pofuna galu wa neba zimafa ndi nkhuku, akhwangwala, amphaka, nthawi zina mpaka ngozi ya ana

Kondwani: Apa mpamene pali chodabwitsa man. Poizoniyo amamutcha 1080, ten eighty. Kuno kumadzulo kuli zitsamba za mtundu wa nyemba zotchedwa Gastrolobium, alimi amati poison pea, zimene mwachilengedwe zili ndi chiphe chomwecho m'masamba. Nyama za kuno zakhala zikudya zitsambazi kuyambira kalekale nde matupi awo anazolowera, pamafunika wambiri kuti zife, pomwe nkhandwe, mphaka ndi galu kadontho kokha basi. Amaika mu kanyama kouma ngati soseji. Ya amphaka ndi ina amati Eradicat chifukwa mphaka ndi wamatama, sadya chilichonse chimene wapeza pansi pokhapokha njala itamukwana

Mada: Ndimangowerenga mwakachetechete koma apa ndiyankhule. Kondwani wanena bwino kuti ndi galu, koma wadutsapo mwachangu. Ine ndikugwira pa famu ya nkhosa mu dera la tirigu la Wheatbelt momwemo chaka chachitatu tsopano. Tinali ndi galu wa mtundu wa kelpie, wanzeru kuposa anthu ena amene ndimawadziwa, ndikangoimba likhweru nkhosa 400 wazizungulira yekha. Tsiku lina tikukonza waya cha kumalire, nyambo zinaikidwa mbali inayo, zikwangwani zinalipo ndithu sindikunamizira munthu, koma akuti akhwangwala amatola nkukagwetsa kwina. Sitinaone kuti wadya kanthu. Madzulo tili pa shedi anangoyamba kulira kulira kwachilendo, kuthamanga mozungulira ngati akuthawa chinthu chimene ife sitikuchiona, kudzigunda ku geti, kenako pansi kuphupha thovu kukamwa. Bwana wanga munthu wamkulu wa ndevu zake anakhala pa dothi atamugwira akulira ngati mwana. Kwa dokotala wa ziweto ndi ulendo wa ola lathunthu ndipo 1080 alibe mankhwala obweza. Imfa imeneyo sindingaifunire chamoyo chilichonse, olo nkhandwe imene

Mayi a Pempho: Mwamva? Zikomo a Mada. Ndi zimene ndikunena ine

Nabanda: Pepa Mada, zowawa zedi

Kondwani: Pepani achimwene, apo ndilibe chotsutsa. Ngakhale a RSPCA, bungwe loona za ufulu wa nyama, amanena poyera kuti 1080 si imfa yabwino ndipo akufuna njira zina. Kuli wina watsopano amati PAPP, nyama imangofooka ngati ikugona ndipo galu mukamuthamangira naye msanga ali ndi mankhwala ake, koma sanalowe m'malo mwa 1080 paliponse

Mada: Chimene chimandisowetsa mtendere nchakuti bwana yemweyo mwezi wotsatira anakatenga nyambo zake nkuika, chifukwa nthawi yobereka nkhosa nkhandwe zimatha ana usiku umodzi angapo. Panopa agalu onse timawaveka chotseka kukamwa tikamapita kumalire. Ndinamufunsa kuti bwanji osasiya ma dingo, agalu akutchire a kuno, azithana ndi nkhandwezi okha, anandiyang'ana ngati ndamutukwanira amake, dingo ndi nkhosa sizionana, mpanda uja wa makilomita 5,600 kummawa uko anamangira iyeyo. Nde ine sindili mbali ya Mayi a Pempho kwathunthu, sindilinso mbali ya Kondwani, ndangoti anthu adziwe kuti mtengo wake ndi umenewo

Thoko: Ine ndiloleni ndikambe za kumene ndinagwirako ntchito, chifukwa nkhaniyi mukuikamba ngati ndi ya boma ndi mayunivesite okha. Ndisanabwere ku Alice Springs ndinakhala zaka ziwiri pa kiliniki ina ku APY Lands, kumpoto kwenikweni kwa South Australia, dziko la eni nthaka a Anangu. Kumeneko kanyamaka amakatcha warru ndipo si kanyama wamba, kali mu nthano zawo za chilengedwe zimene amati Tjukurpa, agogo amakamba kuti ali ana mapiri onse a Musgrave anali warru yekhayekha ndipo amadya ankolo, musaganize kuti ndinu nokha odziwa ndiwo kkkk. Pofika 2007 mu South Australia yense munatsala zosakwana 200, timagulu tochepa cha ku Pukatja ndi ku Kalka. Chaka chimenecho eni mudzi, asayansi, boma ndi a zoo anapanga Warru Recovery Team. Chimene anachita mpaka lero ndikachiganiza ndimaseka ndekha, amagwira mayi, kuchotsa kamwana mu thumba, kukakweza ndege ulendo wa ku zoo ya Monarto kufupi ndi Adelaide, kumeneko nkukakaika mu thumba la walabi wa mtundu wina wa miyendo yachikasu kuti akalere ngati wake

Ankolo Phiri: Kuba ana kumeneko mwana wanga

Thoko: Mverani kaye ankolo. Nyama za thumbazi mayi amakhala ndi kamimba kena kongodikira mkati, kosakula, akangochotsa wa mu thumbayo kaja kamayamba kukula, pakatha mwezi wabadwa wina. Nde pamalo pa mwana mmodzi mwapeza awiri. Azimayi akuluakulu a mmudzi ndi amene amatcha ana otengedwawo maina, ndipo amapita ku Monarto kukawazonda. Kenako anamanga mpanda wa mahekitala 100 woti mphaka ndi nkhandwe zisalowe, amautcha Pintji, ndi liwu lomweli ife timati fensi, iwonso anangolipinda lilime ngati ife kkkk. Mu 2011 ana aja anayamba kubwerera kwawo kulowa mu Pintji, anaswana mmenemo, kenako ena anawatulutsa kukawaika ku phiri lina la Wamitjara kunja kwa mpanda. Amene amayendera mpanda, kutchera misampha, kusintha mabatire a makamera, kutsata ndi wailesi ma collar amene amaveka warru m'khosi ndi anyamata ndi atsikana a mmudzi momwemo, marenja olembedwa ntchito ndithu olandira malipiro, kumalo koti ntchito ndi yosowa. Mtsikana wina amabwera ku kiliniki ndi mwana wake atavala yunifomu ya urenja, mmene amayendera mumachita kuona kuti munthuyu akudziwa chimene wadzukira

Yamikani: Iyi nde ndaimva bwino. Zikufanana ndi Majete, African Parks itabwera mu 2003 nkumanga mpanda anthu ozungulira ena anakwiya poyamba poti nkhuni ndi nyama zinatsekeka, zinayamba kumveka pamene ana awo analembedwa ntchito. Kusiyana kwake ife mpanda ndi wotsekera mkango mkati, inu mukutsekera mphaka kunja kkkkk dziko lozondoka

Thoko: Ndipo mphaka wake Yami si wa masewera, mpanda umakhala ndi denga la waya lofewa lopindikira kunja kuti akakwera lizimugwetsa, pansi ayala wina kuti nkhandwe isakumbe. Kunja kwa mpanda anayesanso kabokosi kena amati Felixer, anakapanga ndi John Read, kali ndi masensa, chikadutsa chinthu cha msinkhu ndi mayendedwe a mphaka kamamufayira poizoni wa phalaphala pa ubweya, nanga si mphaka sapirira litsiro, amadzinyambita yekha. Walabi akadutsa kamangomujambula. Komanso eni ake amapha amphaka ndi manja, kulondola mapazi pa mchenga mpaka kumupeza, Mayi a Pempho musandide ine ndikungonena zimene ndinaona

Mayi a Pempho: Sindikudani achemwali koma mtima wanga ukuwawabe

Thoko: China chimene chikuwavuta kumeneko ndi udzu wa buffel, unabwera ngati msipu wa ng'ombe, kwawo kwenikweni ndi ku Africa ndi ku Asia. Umamera mothinana mpaka kukwera m'mapiri, ukapsa moto wake umapha mitengo ya nkhuyu zakutchire imene warru amadya ndi kubisalamo

Yamikani: Nde tabwezerana, iwo anatipatsa bulugamu amene waumitsa madambo kuno, ife tawapatsa udzu. Ngongole yatha

Ankolo Phiri: Kkkkkk wapha Yami

Nabanda: Kwathu kuno nde si marenja, ndi agogo opuma pantchito kwenikweni. Kuchoka ku Nowra kupita ku Kangaroo Valley ndi mphindi 20 kapena 30, kuli gulu la anthu wamba amati Friends of the Brush-tailed Rock-wallaby, linayamba zaka za m'ma 1990. Mayi wina amene ndimapemphera naye ali mmenemo ndi amene anandikokera tsiku lina. Ntchito yawo yambiri ndi yosaoneka, kugogoda m'makomo mwa eni mafamu kupempha kuti alole nyambo pa malo awo chifukwa nkhandwe siidziwa malire, famu imodzi ikakana ndiye khomo lolowera limenelo, kupita m'masukulu, kusonkha ndalama, kukhala pa kompyuta kuona zithunzi za makamera a mtchire zimene zambiri ndi udzu ukugwedezeka ndi mphepo. Kuno nyama za chilengedwe sizinazolowere 1080 ngati kwa a Kondwani uko nde nyambo amaikwirira pansi, pamwamba nkusalaza mchenga, mmawa ukabwera umawerenga mapazi kuti wafukula ndani. Ndinakumbuka agogo anga ku Ntcheu akuwerenga mapazi a nungu mmunda wa chinangwa, nzeru yake ndi yomweyo

Ankolo Phiri: Si komweko anagwetsa mbatata pa helikopita? Ndinaona pa TV ndinangoti dziko ili lakhuta

Nabanda: Komweko ankolo, January 2020 moto waukulu wa m'tchire uja utatha, Kangaroo Valley, Wolgan, Capertee, Jenolan ndi kwina, anagwetsa makilo masauzande a mbatata ndi karoti. Anthu anaseka koma ganizani, kanyama kapulumuka moto kali mu phanga, katuluka kunja kuli lupsa lokhalokha, chakudya palibe, pobisala palibe, ndipo nkhandwe ndi amphaka zimathamangira pa lupsa ngati mmene akabawi amachitira kwathu tikatentha tchire. Nde mbatata zija zinali zoti kasatsike phiri kukasaka chakudya. Zithunzi za mbatata zinazungulira dziko lonse, koma za nyambo zimene anaika pambuyo pake palibe anaziika pa status

Kondwani: Achemwali mwandikumbutsa chinthu. Nangeen Hill yomwe ija imene Kinnear anaonetsera kuti nyambo zimagwira, patapita zaka zinthu zinadzasokonekera, mawalabi anachuluka nkudya msipu wonse pa kaphiri kakang'ono, chilala chinabwera, adani sanathe, mpaka anatsala ngati 5 okha. Anachita kumanga mpanda wa magetsi wa makilomita 5 mu 2013 ndi thandizo la bungwe loteteza zachilengedwe la WWF, nkudzala zomera kuti chakudya chibwerere. Panalinso vuto loti ukachepetsa nkhandwe amphaka amapeza ufulu poti amene amawaopseza wachoka. Ntchito yake ili ngati kupalira, ukati ndamaliza ndipume udzu wamera kumene unayambira. Koma chosangalatsa, mu 2015 anthu okwera matanthwe ku Kalbarri, kumpoto kwa Perth, anajambula mawalabi awiri ali ndi mwana, malo amene aliyense ankati anatha zaka 20 zapitazo, nde mu 2016 anatenga 23 kuchokera ku timapiri ta tirigu tomweti kukawonjezera kumeneko. Kaphiri kamene kanatsala pang'ono kuuma nkamene kanadzapereka mbewu

Mayi a Pempho: Ine a miyendo yachikasu amene akunena a Thoko ndinawaona ndi maso, Easter ya chaka chatha tinapita ku Flinders Ranges ndi bambo a Pempho, pa Brachina Gorge madzulo analipo ambirimbiri pa miyala, michira ya mizeremizere, Pempho anakana kukwera galimoto. Palibe amene ndinamuona akupha mphaka kumeneko ndipo nyama zili bwinobwino

Kondwani: Amayi pepani koma mwadzibweretsa nokha kkkk. Amene munawaonawo alipo chifukwa cha pulogalamu yotchedwa Bounceback imene inayamba mu 1992, nyambo za nkhandwe chaka ndi chaka mpaka lero, ndi kuombera mbuzi zolowerera chifukwa mbuzi zimalanda mapanga ndi kudya chilichonse. Ena oombera mbuziwo ndi alenje ongodzipereka a makalabu a mfuti. Isanayambe pulogalamuyo bwenzi mutaima pa Brachina mpaka mdima mwina osaona olo kamodzi. Zikwangwani za 1080 munazidutsa pa geti, kungoti maso anali pa mapiri

Ankolo Phiri: Imani kaye. Mbuzi? Kuombera mbuzi nkuzisiya pomwepo? Ambuye atikhululukire, anthu ku Mchesi akulimbirana kanyenya wa K2,000

Mada: Sizonse ankolo, zambiri amazikusa nkugulitsa, Australia ndi imene imatumiza nyama ya mbuzi yambiri kunja kuposa dziko lililonse ndipo yochuluka ndi ya mbuzi zakutchire zomwezi. Za m'maphompho mosafika galimoto ndi zimene amaombera

Mayi a Pempho: Chabwino a Kondwani mwandigwira. Koma Tiger wanga sali ku Flinders, ali mu tauni ku Salisbury ku Adelaide, walabi amuonera kuti

Nabanda: Walabi ayi amayi, koma abuluzi ndi timbalame. Komanso amphaka olowerera ena amachokera kwa a pakhomo osafula amene amakaberekera kuseri kwa mashopu. Ku Canberra mphaka aliyense wobadwa kuyambira 1 July 2022 saloledwa kutuluka pa mpanda wa mwini wake, ndipo makhonsolo ambiri akulowera komweko

Mayi a Pempho: Ndi wofula kale ameneyo. Koma ndisaname pamaso pa Mulungu, sabata yatha ndinapeza kambalame ka buluu pa mati a pakhomo, kopanda mutu, Pempho ndinamuuza kuti kanagunda windo

Thoko: Kugunda windo mpaka mutu kusowa kkkkkk amayi inu

Anaphiri Admin: Abale mamesiji 60 za mbira za eni, koma za zopereka za 6 July aliyense ali ziii. Holo tikuyenera kulipira Lachisanu

Kondwani: Ndatumiza yanga pompano anti. Ndimalize ndi ichi, ulendo wina ulipo masika ano ndipo amafuna anthu, sikufunika digiri, kungoti ukhale ndi mawondo okwera miyala ndi nsapato zolimba, chakudya ndi tenti amapereka. Amene ali ku Perth andipeze ku inbox

Mada: Ine ndili pafupi, ndilembe. Kunyamula misampha ndi masaka ndinyamula, kanyamako ndikufuna ndikaone ndi maso anga kuti galu wathu anafera chani. Koma nyambo musandigwiritse

Kondwani: Nyambo amagwira okhawo ali ndi chilolezo achimwene, ife ndi a chiponde basi

Mayi a Pempho: A Nabanda neti ija amatchinga nayo kuseri kwa nyumba kuti mphaka azisewera mkati amagulitsa ku Bunnings? Bambo a Pempho ali off Loweruka. Za poizonizo sindinavomere, musandiwerengere

Nabanda: Ilipo amayi, ndikutumizirani chithunzi cha mmene anamangira a neba anga

Ankolo Phiri: Kondwani chiponde chikatsala ku misamphako usataye, ndikubwera ku Perth mu August